Geti Lomwe Linasiya Kulira

Mpanda wachitsulo wozungulira nyumba yonse, ndi geti lake lomwe, pa mtengo wa nsapato za ukwati: malonda otere munthu wanzeru amawathawa ngati galu wachiwewe. Tsitsako sanawathawe. Dzina limeneli analitola kumsika, kumene ankagulitsa nsapato zovalidwa kale, chifukwa amenewo ndiwo anali mawu oyamba kutuluka m'kamwa mwake pa chilichonse. Ankanenerera tomato, ankanenerera mankhwala a mutu, ndipo anzake ankalumbira kuti tsiku lomwe anakagula bokosi la maliro a mayi ake, kalipentala analira kuposa anamfedwa.

Mpandawo anaupeza utaunjikidwa pabwalo la wogula zitsulo zakutha. Anatchula mtengo wachipongwe, uja munthu amayambira podziwa kuti akwera pang'onopang'ono, n'kuima kudikira kutukwanidwa. Mwini malonda sanatukwane. Anangoti chabwino, n'kuwonjezera kuti autumiza pa lole yake mwaulere. Tsitsako anabwerera kunyumba mtima uli m'mwamba, ngati munthu amene wakankha chitseko ndi mphamvu zake zonse n'kupeza kuti chinali chosatseka.

Mpandawo sankaufunira akuba. Ankaufunira bambo ake. Madalawo anali mmisiri wowotcherera zitsulo m'masiku awo, koma chiikireni mkazi wawo m'manda, mutu wawo unayamba kutaya zinthu ngati thumba lobooka: poyamba mayina a anthu, kenako masiku, pomaliza nkhope ya mwana wawo yemwe. Manja ankanjenjemera moti tiyi ankachita kumwetsedwa. Masana ankangokhala pakhonde, maso ali kumsewu, osatulutsa liwu. Usiku ndi pamene miyendo inkakumbukira kuyenda. Tsiku lina anapezeka pakati pa msewu waukulu, opanda nsapato, magalimoto akuwalambalala ngati madzi pa mwala. Tsitsako anayesapo kuwakhomera m'kachipinda kawo ka kuseri, kamene khomo lake linkatulukira kubwalo, koma madalawo anagogoda mpaka kucha akulira ngati mwana, ndipo mkazi wa Tsitsako anati limenelo ndi tchimo, iye kiyi wa apongozi ake sadzamugwiranso. Ndiye mpanda: aziyenda m'bwalo mmene angafunire, koma kumsewu ayi.

Mpandawo unafika uli psuu ndi dzimbiri, penti wakale akumatuka ngati nkhanambo. Pa geti, pokolowekera loko panali pothyoka. Mmisiri amene anabwera kudzaimika nsanamira anati apawotcherera ngati amuwonjezera kangachepe. Tsitsako anangokankha getilo, ndipo linalira kulira kwautali, koyamba mowonda ngati kamwana ka mphaka n'kukathera pa liwu la ng'ombe yolowa kophedwa. Agalu a mzere wonse anayankha.

"Loko wa chiyani," anatero Tsitsako, "pamene atipatsa mlonda wosafuna malipiro?"

Ndipo kunena zoona mlondayo ankagwira ntchito. Kangapo konse getilo linalira pakati pa usiku, Tsitsako n'kudumpha pabedi, n'kukawapeza bambo ake asanafike n'komwe pa ngalande ya kumsewu. Ankawagwira pamkono n'kuwabweza, iwo ali phee ngati mwana wogwidwa akuba shuga. Kumsika ankadzitama kuti anzake amagula maloko, iye anagula nzeru.

Chachilendo anayamba kuchiona ndi mkazi wake. M'mawa wina akusesa kuseri kwa nyumba, anapeza fumbi lofiira litaunjikana pansi pa mpanda, pakona. Atakweza maso anaona mipiringidzo ingapo ili mbee, yopalidwa kuyambira pansi mpaka pamwamba, ikunyezimira ngati mpeni watsopano pakati pa inzake yadzimbiri. Anaitana mwamuna wake. Tsitsako anayendetsa chala pachitsulopo, n'kunena kuti mwina ndi ana. Mkaziyo anafunsa kuti ndi ana a kuti amene amapala dzimbiri la eni popanda kutumidwa, pamene awo omwe, asanakule n'kuchoka pakhomo, kutsuka mbale yodyera ankachita kukumbutsidwa.

Usiku wotsatira anamva. Magetsi anali atathima, kunja kuli mdima wa ndiweyani, uja ngakhale agalu amasunga mawu awo. Phokosolo linkachokera kuseri, laling'ono koma losatopa: khwee, khwee, khwee, kenako kupuma, kenako khwee. Silinali la khoswe, chifukwa khoswe amafulumira. Linali la chinthu chosathamangira kulikonse. Mkazi anagwira mkono wa mwamuna wake n'kunong'ona kuti akaone. Tsitsako anavomera, koma nsapato zake, munthu wogulitsa nsapato, zinasowa usiku umenewo, ndipo tochi inatenga nthawi kuti ipezeke pamalo pomwe inkakhala masiku onse. Mmene ankatsegula chitseko n'kuti kunja kuli zii. M'bwalo munalibe munthu. Geti silinalire, ndiye palibe amene analowa kapena kutuluka. Anasuzumira m'kachipinda ka bambo ake n'kuwapeza atafunda mpaka kumutu.

M'mawa fumbi lofiira linali litasunthira kutsogolo.

Nkhani siigona m'nyumba imodzi. Mayi wa pasaluni anati wamva kuti mpandawo unadulidwa kumanda a anthu olemera, ndipo eni ake amabwera kudzawerenga mipiringidzo yawo. Wometa anati ayi, unachokera ku chipatala china chomwe chinatsekedwa, kumene odwala ankafa atagwirira zitsulo zomwezo. Wina anati anaona chinthu choyera chitanjuta pakona, chopanda mutu. Anthu anayamba kudutsa tsidya lina la msewu. Mkazi wa Tsitsako anasiya kugona, chakudya chinasiya kulowa, maso analowa m'kati, ndipo kuchipatala anamuyeza magazi osapeza kanthu. Wina atayerekeza kutchula madalawo, iye anayankha kuti munthu wolephera kugwira supuni angapale bwanji chitsulo mpaka kuwala. Anauza mwamuna wake kuti abweze mpandawo. Tsitsako anapitadi kwa wa zitsulo zakutha uja, koma anangouzidwa kuti zogulidwa sizibwerera, ndipo atafunsa kumene mpandawo unachokera, mwini malonda anayamba kuwerenga misomali.

Usiku uliwonse phokosolo linkabwera, ndipo usiku uliwonse linkamvekera pafupi. Linamaliza mbali ya kuseri, n'kukhota pakona, n'kuyamba mbali ya zenera la kuchipinda kwawo.

Kubweza mpanda kunali kutaya ndalama, ndipo mantha otaya ndalama anaposa mantha a mizukwa. Tsitsako anatenga chitsulo chochotsera matayala, n'kukabisala kuseri kwa mgolo wa madzi mkazi wake atangotseka maso. Mwezi unali wochepa, wongokwanira kusandutsa chitsamba chilichonse munthu. Anakhala mpaka miyendo inachita dzanzi. Kenako anamva chitseko chikutseguka, osati cha kumsewu, koma cha m'bwalo momwemo. Chinthu choyera chinatuluka pang'onopang'ono, chikukoka mapazi, mutu utazimira m'mapewa. Chinthucho chinafika pampanda, chinagwada, chinatola chidutswa cha njerwa pansi pa chitsamba, n'kuyamba: khwee, khwee.

Anali bambo ake, atadzikulunga bulangete.

Tsitsako anayandikira, chitsulo chija atachiiwala m'manja. Anayatsa tochi. Manja amene masana ankataya tiyi anali gwa, akuyenda pa mpiringidzo mwaukatswiri, osanjenjemera ngakhale pang'ono. Madalawo sanadzidzimuke. Anangotembenuka pang'ono.

"Tsitsani tochi, bwana. Muunikire pantchito, osati pankhope."

Chiyambireni matendawo, Tsitsako anali asanamve chiganizo chathunthu chikutuluka m'kamwa mwa bambo ake. Anatsitsa tochi.

"Mpanda uwu ndi wanu?" anafunsa madalawo monong'ona, ngati akuopa kudzutsa a m'nyumba. "Chitsulo chake n'chabwino, koma mwachisiya chidwale. Dzimbiri limayambira pansi, pamene madzi amagona. Inu eni nyumba mumapenta pamwamba pomwe anthu amaona. N'chimodzimodzi kuveka suti munthu wa zilonda."

"Ndine, bambo. Mwana wanu."

"Mwana ndili naye," anavomera madalawo osasiya kupala. "Kamnyamata kouma manja. Ukakatuma misomali kamabwera ndi misomali, chenji, ndi basela. Kadzalemera kameneko, kapena kadzafa ndi njala ndalama zili m'thumba." Anaseka pang'ono, kuseka komwe Tsitsako ankakudziwa ali mwana. "Nanga ntchitoyi mundilipira bwanji, bwana? Sitinagwirizanetu."

Tsitsako anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. Ndipo pokhala kuti chizolowezi chimafika mtima usanafike, anafunsa kuti iwo akufuna zingati. Madalawo anatchula mtengo wa kalekale, woti lero sungagule n'komwe machesi. Mwana wawo anati atsitseko. Ananenerezana pamenepo, mumdima, monong'ona, bambo ndi mwana, madalawo akudandaula za kukwera kwa zipangizo, Tsitsako akulumbira kuti mmisiri wina wamulonjeza theka lake. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wake, ankanenerera kuti malondawo asathe.

Pomaliza madalawo anaika njerwa pansi. "Ndalama zisiyeni," anatero. "Ndikamaliza, mudzandiperekeze kwathu. Njira ikumandisokoneza masiku ano, ndipo mayi a mwana akudikira. Amadandaula ndikachedwa."

"Zomwezo basi?"

"Zomwezo."

"Zatheka, ndidzakuperekezani," anatero Tsitsako. Anagwirana chanza. Aka kanali kachiwiri kuti apatsidwe chinthu chachikulu pa mtengo wopanda pake, ndipo kachiwirinso sanathawe.

Tsitsako sanamuuze zoona mkazi wake. Ankadziwa kuti akamva, awabweza apongozi ake m'mabulangete poopa chibayo, ndipo zokambirana za usiku zithera pomwepo. Anamuuza kuti wopala mpanda uja anali iye mwini: masana amakhala kumsika, amisiri amadula, ndipo anabisa poopa kusekedwa. Mkaziyo anamuyang'ana nthawi yaitali, n'kukhulupirira, chifukwa panalibe chinthu chopusa chimene mwamuna wake sakanachita pofuna kupulumutsa ndalama. Anamunyanyalira mpaka madzulo, kenako anagona tulo tofa nato, ndipo matenda ake anathera pomwepo. Anthu a mumzere sanauzidwe kanthu. Tsitsako anaona kuti mbiri ya mizukwa imathamangitsa akuba kuposa galu, ndipo siidya.

Anatulutsa bokosi lakale la zipangizo za bambo ake: bulashi ya waya, tupa, ndi kachitini ka oyilo ka mlomo wautali. Anagula penti, atanenerera. Usiku uliwonse ankagwira tochi monga ankachitira ali mwana, madalawo akumulangiza ngati kasitomala wosamva. Pala mpaka chitsulo chiwale. Pukuta fumbi ndi nsanza youma. Penti wofiira ayambe, ndiye amatseka dzimbiri pakamwa, ndipo wakuda abwere wofiira atauma. Pakati pa malangizowo ankakamba za mkazi wawo, za mmene ankabisira ndalama m'chitini cha shuga, za kamnyamata kawo kaja. Kukacha ankabwerera pakhonde, maso kumsewu, manja akunjenjemera, osadziwa munthu.

Ntchito inazungulira nyumba, ikuyandikira kutsogolo. Usiku wina madalawo anaima n'kuyang'ana geti.

"Ilo likulira," anatero. "Mmisiri sachoka pakhomo geti likulira, n'chimodzimodzi kusiya mwana ndi njala. Koma mahinjesi amakhala omaliza, bwana. Fumbi la dzimbiri likagwera mu oyilo, mwataya ntchito."

Tsitsako sanali chitsiru. Anamva, ndipo anamvetsa kuti geti likathiridwa oyilo, mlonda wake asiya kulira. M'mawa mwake anabisa kachitini ka oyilo pamwamba pa kabati, n'kupita kwa mmisiri uja anaimika nsanamira kuti adzakonze pokolowekera loko tsiku lomwelo. Mmisiriyo anatchula mtengo wokwererako pang'ono kuposa wakale, ati zinthu zadula. Kusiyana kwake kunali kwa buledi mmodzi. Tsitsako anapukusa mutu, n'kuchita zomwe wakhala akuchita moyo wake wonse: anatembenuka n'kuyamba kuchoka pang'onopang'ono, khutu lili m'mbuyo, kudikira kuitanidwa. Wogulitsa aliyense amaitana munthu asanafike pakona. Uyu anavala magalasi ake akuda n'kuyatsa moto wowotcherera. Tsitsako anafika pakona, anaima, anamanga lamba wa nsapato yemwe sanamasuke. Kubwerera wekha ndiye kuti wagonja. Anadziuza kuti mawa atsitsa, ndipo chigawo chimodzi cha mpanda chinali chisanapentedwe.

Usiku umenewo kunazizira, mphepo ikulira m'mawaya a magetsi. Tsitsako, yemwe kwa nthawi yaitali ankagawa tulo take pakati pa msika ndi mpanda, anakhala pampando pabalaza, tochi pamiyendo, kudikira kuti amve khwee woyamba. Anamumvadi, chapatali, ngati m'maloto. Anadziuza kuti adzuka pompano.

Chomwe chinamudzutsa si phokoso ayi, koma kusowa kwake. Kunja kunali kutayera. Anatuluka opanda nsapato. Chigawo chomaliza chinali chitapentedwa, penti akadali wamuwisi. Bulashi inali yotsukidwa, zipangizo zitabwezedwa m'bokosi mwadongosolo, bulangete litapindidwa pamwamba pake. Patsinde pa nsanamira panali botolo la mafuta ophikira la kukhitchini, ndi nthenga ya nkhuku yonyowa. Geti linali lotsegula, mphepo ikulikankha uku ndi uku, ndipo linkayenda mwakachetechete ngati chikope cha diso.

Mkazi wake anatuluka, anaona botolo lake, bulangete la apongozi ake, ndi nkhope ya mwamuna wake. Sanakuwe.

"Munati ndinu," anatero motsitsa, n'kuthamangira kumsewu.

Anafunafuna kulikonse. Kumsewu waukulu, m'ngalande, kupolisi, m'zipatala, mpaka m'zipinda zozizira zomwe munthu amalowa akupemphera kuti asapeze chomwe akufuna. Anapita pamene panali shedi yomwe madalawo ankawotchereramo zitsulo, pomwe tsopano amagulitsapo mafoni. Anapita kumanda a mayi ake, osapeza ngakhale phazi. Mlonda wa sitolo ina anati anaona nkhalamba mbandakucha itaima pamphambano, ikuyang'ana m'mbuyo ngati ikudikira mnzake wotsalira, ndipo ataifunsa inati bwana akubwera, akuvala nsapato. Kenako lole inadutsa, ndipo mlondayo sanaonenso kanthu. Amenewo ndiwo anali mawu omaliza omwe wina aliyense anabweretsa.

Mmisiri uja atamva anabwera yekha, n'kuwotcherera pokolowekera loko osalandira kanthu. Tsitsako anathokoza, koma loko sanagule. Geti la munthu amene akudikira wina silikhomedwa.

Mayi wa pasaluni amanenabe kuti eni mpanda anatenga malipiro awo. Tsitsako samutsutsa. Madzulo alionse amasungunula mchere m'kapu ya madzi n'kuthira pa mahinjesi, kuti dzimbiri libwerere, kuti usiku wina wolowa akakankha getilo, lilire. Mvula yagwa n'kukata, mchere watha mapaketi, koma geti likuyendabe phee. Mkazi wake akuti mafuta ophikira sakhalitsa chotero. Ndipo m'mawa wina, Tsitsako atakhudza hinjesi ya pansi, chala chinabwera chonyowa, choterera, pamene kachitini ka oyilo kali pamwamba pa kabati, fumbi lake losakhudzidwa. Sanauze munthu. Anangopukutira chalacho kumalaya, pamtima.

Kumsika akuti anasintha. Wogulitsa akatchula mtengo amangopereka, moti ena amachita manyazi n'kumubwezera chenji chomwe sanapemphe. Akaweruka sapita kunyumba msanga. Amayenda, msewu uwu lero, winawo mawa, pang'onopang'ono, tochi m'manja, mkono wakumanzere utapindika pang'ono ngati pali woukolowekera.

Wa zitsulo zakutha analandira mtengo wa nsapato za ukwati. Mmisiri wa loko sanalandire kanthu. Mmisiri wamkulu, amene anapala mpanda wonse ndi manja odwala, anangopempha kuperekezedwa ulendo umodzi, ndipo anachoka osalipidwa. Wolipira ndi Tsitsako. Anapulumutsa buledi mmodzi, anapereka bambo, ndipo zotsalazo akulipira ndi mapazi, madzulo alionse, popanda woti amuuze kuti atsitseko.